Ndani ayenera kunena kuti zinthu ziwiri zafanana?

Mu October 2011, m'khoti ya mumzinda wa San Jose ku America, woweruza wina, mai Lucy Koh, ananyamula zipangizo ziwiri, cina kumanja cina kumanzere, nazikweza m'mwamba. Zonse zinali matabuleti, tija timakompyuta tophwatalala tonga sileti ya mwana wa sukulu. Imodzi inapangidwa ndi kampani ya Apple, inzake ndi kampani ya Samsung. Mai Koh anafunsa loya wa Samsung, amene anaima capatali pang'ono, kuti aloze tabuleti ya kampani imene anali kuiimira. Loyayo anavomera kuti pamene anaimapo sangathe kusiyanitsa. Anacita kupulumutsidwa ndi loya mnzake.

Mu June 2012 mai Koh analamula kuti tabuleti ya Samsung yochedwa Galaxy Tab 10.1 iyambe yaleka kugulitsidwa m'dziko la America kufikira mlandu utatha, poona kuti Apple inali ndi mwai waukulu wopambana. Koma mu August caka comweco mlandu unafika pamaso pa anthu wamba 9 osankhidwa kuti aumve. Iwo atayang'ana bwino anati ai, tabuleti ya Samsung sinabe maonekedwe amene Apple inalembetsa. Mu October ciletso cija cinacotsedwa. Woweruza wophunzira anaona kufanana, anthu wamba sanakuone. Nanga analondola ndani?

Mwina wina afunsa kuti ife alimi a ku Katete ndi ku Petauke, matabuleti a kunja atikhudza bwanji? Cimene citikhudza si tabuleti ai, koma funso limene linali m'khotimo. Mukagulitsa cimanga kapena thonje n'kupita kusitolo kukagula mphika, nyale, citenje ca amai a kunyumba kapena sipeya ya njinga, mumasankha ndi maso. Nthawi zambiri mumapeza cina cofanana ndi cija mumacidziwa, koma mtengo wake ndi theka. Nthawi zina kufanana kumeneku ndi cithandizo kwa munthu wosauka. Nthawi zina ndi kuba, ndipo wobedwa ndi uja anakhala pansi kujambula cinthuco, pamodzi ndi inu amene mwagula cina poyesa cinzake. Payenera kukhala wina wodula malire. Maganizo anga ndi akuti nchito imeneyi ili pawiri: pali ya maso, imene iyenera anthu wamba ogula, ndipo pali ya malamulo ndi masamu, imene woweruza sayenera kuitula pamutu pa munthu wina.

Tiyambe tamvana za patenti ya maonekedwe. Ici ndi cikalata cimene boma limapereka kwa munthu amene wapanga maonekedwe atsopano a cinthu, kuti kwa zaka zowerengeka wina asagulitse cinthu cooneka cimodzi-modzi popanda cilolezo. Ku America tsopano ndi zaka 15. Cikalataci siciteteza m'mene cinthu cigwirira nchito, cimateteza kukongola kwake cabe. Mkati mwake mulibe mau ambiri, muli zojambula. Mizere yolembedwa mokwanira ndiyo isonyeza zimene mwini akuti ndi zake, ndipo mizere yoduka-duka isonyeza mbali zimene sakuzitenga. Khasu lililonse lili ndi mpini ndi citsulo, ndipo palibe anganene kuti zimenezo ndi zake. Koma wina akalisula mwa mtundu umene sunaonekepo, mtunduwo angaulembetse.

Ku America milandu yotere, ngati wodandaula afuna ndalama za cipepeso, ingathe kumvedwa ndi gulu la anthu wamba limene amalicha jury. Ufulu umenewu unalembedwa m'malamulo aakulu a dzikolo mu 1791. Anthuwa si maloya. Amaitanidwa kucokera pa mndandanda wa nzika za m'deralo, ndipo pamakhala aphunzitsi, opuma pa nchito, ogulitsa m'sitolo ndi ena otero. Woweruza amakhala pampando wake monga mwa nthawi zonse. Iye ndiye amanena umboni umene uloledwa ndi umene ukanidwa, amamasulira cikalata ca patenti, ndipo pomaliza amawerengera a jury malangizo a malamulo. A jury amalowa m'cipinda cao, nabwerako ndi yankho. Safotokoza cifukwa. Kuletsa katundu pamsika ndi mphamvu ya woweruza yekha, ndipo iye angathenso kufafaniza cigamulo ca jury ngati palibe umboni wocicirikiza.

Muyeso umene makhoti a kumeneko amatsata unayamba ndi masupuni ndi mafoloko. Kuciyambi kwa zaka za m'ma 1870, kampani ya Gorham, yosula ziwiya za siliva, inasumira munthu wina dzina lake White kaamba ka zokongoletsa za pa zogwirira za masupuni. Khoti yaing'ono inati palibe mlandu, cifukwa akatswiri osula ziwiya anali kuona kusiyana akaika masupuniwo pamodzi. Khoti yaikulu ya dzikolo inakana ganizo limenelo. Inati tikadalira diso la katswiri ndiye kuti palibe wakuba adzagwidwe, popeza katswiri adzapeza kusiyana nthawi zonse. Diso loyenera ndi la munthu wamba, woyang'ana monga wogula amayang'anira. Ngati iye angapusitsike n'kugula ici poyesa cija, ndiye kuti mlandu ulipo.

Mai wa ana amapasa amadziwa kuti uyu ndi uyu ngakhale ali cogada kumtondo. Mlendo amaitana mmodzi ndi dzina la mnzake. Pa nkhani ya maonekedwe, lamulo lifuna diso la mlendo, osati la mai. Ndipo apa ndi pamene ndiona kuti jury ili ndi malo ake. Woweruza amene wakhala miyezi ndi miyezi ali kuwerenga zikalata za mlandu umodzi, kumva akatswiri, kuyang'ana zojambula usana ndi usiku, sakhalanso mlendo. Ndiponso anthu 9 ocokera m'makomo osiyana-siyana ali pafupi ndi wogula wa pamsika kuposa munthu mmodzi wa madigiri. Kukamba zoona, mlandu wa masupuni uja unaweruzidwa ndi oweruza okha-okha, popanda jury. Koma muyeso umene anasiya ndi wa munthu wamba, ndipo n'zomveka kuti munthu wambayo afunsidwe.

Oweruza eni ake afika povomera kuti mau ao angathe kuononga nkhani. Mu 1996, pa mlandu wa Markman, khoti yaikulu inagamula kuti kumasulira patenti ndi nchito ya woweruza, osati ya jury. Umenewo unali mlandu wa patenti ya kagwiridwe ka nchito, yolembedwa m'mau. Oweruza ena anayamba kucita cimodzi-modzi ndi zojambula, kuzisandutsa ndime zitali-zitali: apa papindika, apo paongoka, uku kuli ngodya zinai. Mu 2008 khoti ya apilu imene imamva milandu yonse ya mapatenti inakhala pansi pa mlandu wa Egyptian Goddess ndi Swisa, wonena za kacipangizo kosalalitsira zikhadabo. Inalangiza kuti kawiri-kawiri ndi bwino woweruza asayese kufotokoza cojambula m'mau ambiri, cifukwa amakuza mbali imodzi n'kucititsa anthu kuiwala cinthu conse. Yesani kufotokozera munthu wakhungu maluwa a pa citenje, mudzamvetsa cimene khotiyo inali kunena.

Pali mlandu winanso umene usonyeza cimene cimacitika woweruza akalanda nchito ya maso. Kampani ya zovala za mphepo ya Columbia inasumira ya Seirus kaamba ka mizere yonga mafunde pa nsalu ya mkati mwa magolovesi. Woweruza woyamba anagamula yekha kuti Seirus yaba, ndipo a jury anangopatsidwa nchito yowerenga ndalama, nalamula madola pafupi-fupi 3 miliyoni. Mu 2019 khoti ya apilu inafafaniza cigamuloco. Inati panali mfundo zotsutsana zimene jury inayenera kuziona, ndiponso woweruza analakwa kunyalanyaza dzina la Seirus limene linali lolembedwa pansalupo mobwereza-bwereza. Mlandu utabwerera, mu 2021 a jury anati Seirus sinabe. Koma mu 2023 khoti ya apilu inafafanizanso, tsopano cifukwa malangizo amene a jury anapatsidwa sanafotokoze bwino kuti ndi nsalu ziti zakale zimene anayenera kuyerekeza nazo. Onani: kawiri konse colakwa cinali pampando wa woweruza. Poyamba anacita nchito ya eni ake, kaciwiri sanamalize yake.

Tsono ndisakometse mbali imodzi. Pa ndalama, jury ndimaikayikira kwambiri, ndipo mlandu uja wa Apple ndi Samsung ndiwo umandikayikitsa. Anthu 9 aja sanafunsidwe za tabuleti yokha. Anafunsidwanso za mafoni ambiri-mbiri, za mapatenti a maonekedwe ndi a kagwiridwe ka nchito pamodzi. Malangizo amene anawerengeredwa anapitirira masamba 100, ndipo pepala la mayankho linali la masamba 20 okhala ndi mafunso mazana-mazana. Pasanathe masiku atatu anatuluka ndi cigamulo cakuti Samsung ilipire madola oposa 1 biliyoni. Tsiku lomwelo anabwezedwa m'cipinda, kaamba kakuti anaika cipepeso ngakhale pa zipangizo zina zimene iwo eni anati sizinalakwe. Mu March 2013 mai Koh anacotsa madola 450 miliyoni, ati anawerengedwa molakwika, naitanitsa jury ina. Imeneyo inaika madola 290 miliyoni m'malo mwake.

Sindikunena kuti anthuwo anali opusa. Aliyense wa ife amene anakhalapo m'komiti ya kopaletivu adziwa m'mene mutu umazungulira poonkhetsa matumba a fataleza a mamembala 60. Nanga kuonkhetsa phindu la mafoni mamiliyoni, mtundu ulionse ndi tsiku lake loyambira? Anasenzedwa katundu amene si wao.

Ndalama zimakula cotere kaamba ka lamulo lakale lija linabwera cifukwa ca makapeti. Mu 1885 ndi 1886 khoti yaikulu inamva milandu ya abale a Dobson, amene anakopera maluwa a pa makapeti a anzao. Mlandu unawapeza, koma eni maluwa analephera kusonyeza kuti ndi phindu lingati linabwera cifukwa ca maluwawo, osati cifukwa ca ubweya kapena kulimba kwa kapeti. Anapatsidwa masenti 6 cabe. Aphungu a nyumba ya malamulo anaona kuti uku ndi kuseka munthu wobedwa, ndipo mu 1887 anapanga lamulo lakuti wokopera maonekedwe apereke phindu lonse la cinthu cimene wagulitsa. Pa kapeti izi ndi zomveka, popeza munthu amagula kapeti cifukwa ca maluwa ake. Koma foni? Mapatenti a Apple anali a nkhope yakuda ya foni yokhala ndi ngodya zobulungira, mkombero wake, ndi tizithunzi 16 tondandalikidwa pagalasi. Mkati mwa foni muli zinthu zina zikwi-zikwi zimene Apple sinanene kuti zabedwa. Kodi wakuba utoto wa pa ngolo alipire ngolo yonse pamodzi ndi ng'ombe?

Funso limeneli linafika ku khoti yaikulu, pa madola 399 miliyoni a mapatenti a maonekedwe. Mu December 2016 oweruza onse anagwirizana, m'cigamulo colembedwa ndi mai Sonia Sotomayor, kuti cinthu cimene lamulo likunena cingathe kukhala mbali imodzi cabe ya katundu, osati katundu yense. Mpaka apo zinali bwino. Koma anakana kunena njira yodziwira ngati pa mlandu uwu cinthuco ndi foni yonse kapena galasi lake. Anabweza nkhaniyo kumakhoti aang'ono. Apa ndi pamene ine ndimawadandaula. Funso lovuta kopambana, limene ndi la malamulo kweni-kweni, analisiya lili lende-lende. Mai Koh anatenga mfundo zinai zimene maloya a boma anapereka, nazipatsa jury yacitatu. Mu May 2018 Apple inapempha madola 1 biliyoni, Samsung inati iyenera kulipira 28 miliyoni. A jury anati 539 miliyoni. Anafika bwanji pa nambala imeneyi? Pepala la cigamulo silinena. Samsung, imene inapambana ku khoti yaikulu, inatuluka ndi ngongole yoposa ija inakadandaula. Mwezi wotsatira makampani awiriwa anamvana kunja kwa khoti, patapita zaka 7, ndipo sanaulule zimene anapangana.

Ku England kulibe jury pa milandu yotere. Mu July 2012 woweruza Colin Birss wa ku London anamva yekha nkhani yomweyo ya matabuleti, nagamula kuti a Samsung sanabe. Anati a Samsung analibe kukongola kuja kwa kuphweka kumene a Apple ali nako. Apple inalamulidwa kulengeza m'manyuzipepala kuti Samsung sinapezeke ndi mlandu. Kumeneko muyeso wao ndi wosiyanako: amayang'ana ndi diso la munthu wozolowera katundu wa mtunduwo, amene si katswiri koma si mlendonso. N'zocititsa cidwi kuti pa tabuleti, woweruza wa ku London ndi anthu wamba a ku California anafika pa yankho limodzi.

Koma musaganize kuti maso a oweruza amaona cimodzi. Pa mlandu wa Trunki, kasutikesi ka ana kokhala ndi mawilo ndi tinyanga, kamene mwana amakwerapo ngati ali pa nyama, woweruza woyamba mu 2013 anati kampani ina yakopera. Khoti ya apilu mu 2014 inati sinakopere, ndipo khoti yaikulu mu 2016 inagwirizana ndi ya apilu. Anthu ophunzira mofanana, cojambula cimodzi, mayankho awiri. Ubwino umodzi umene ndiuona pa njira ya ku England ndi wakuti woweruza amalemba zifukwa zake. Woluza amadziwa pamene waluzira, ndipo wopanga katundu wina amawerenga n'kudziwa pamene malire ali. Jury sipereka mphatso imeneyi.

Ngakhale funso lakuti patentiyo inayenera kuperekedwa poyamba pomwe, nalonso ndi la malire, ndipo likhudza thumba la munthu wamba. Mu May 2024 khoti ya apilu ya ku America inamva mlandu wa LKQ, kampani yogulitsa masipeya, ndi General Motors, pa maonekedwe a citsulo ca pamwamba pa wilo la kutsogolo kwa galimoto. Inataya muyeso wakale umene unali kucititsa kuti kukhale kovuta kwambiri kugwetsa patenti ya maonekedwe. Taganizani: galimoto ikagundidwa, sipeya iyenera kufanana ndi yakale, apo ai siikwana. Ngati kampani imodzi yokha ndiyo iloledwa kupanga sipeya yooneka motero, mtengo umaikidwa ndi iyo. Nkhani yotere simungaisiyire maso okha, ngakhale akhale a anthu 12. Ifuna munthu woyang'ana patsogolo, amene cigamulo cake cidzawerengedwa ndi ena.

Kuno kwathu ku Zambia tili ndi lamulo la maonekedwe a katundu la 2016, ndipo kulembetsa kumacitika ku PACRA. Dziko lathu ndi membala wa ARIPO, bungwe la maiko a mu Africa loona za umwini wa nzeru, limene pangano lake linasainidwa mu Lusaka mu 1976 ndipo likulu lake lili ku Harare. Motero kalipentala wa mipando, wosula mbaula za mtundu watsopano, kapena wojambula maluwa a zitenje angathe kulembetsa nchito yake. Makampani akunja naonso angathe kulembetsa zao kuti zigwire nchito kuno. Jury tilibe. Mkangano ukafika ku khoti, woweruza amasenza nchito zonse ziwiri, ya maso ndi ya malamulo.

Sindikupempha kuti tibweretse jury. Ndalama zake tilibe, ndipo taona kale pamene imapunthwa. Cimene ndipempha ndi cocepa. Woweruza wathu akafika pa funso lakuti kodi izi zafanana, akumbuke kuti diso limene lamulo lifuna si lake. Pabwalo la mfumu, mkangano ukakhala wa ng'ombe yosokera, mfumu simayang'ana ng'ombeyo yokha n'kugamula. Imaitana abusa ndi anansi amene amaiona tsiku ndi tsiku, iwo n'kunena zimene aona, ndipo mfumu imadula mlandu ndi kuchula cipepeso. Malamulo athu amalola woweruza kukhala ndi anthu omuthandiza ochedwa ma assessor, amene amapereka maganizo koma cigamulo cikhala ca woweruza. Pa mlandu wa citenje, amai awiri ogulitsa nsalu pamsika wa Kamwala angaone zimene loya sangaone, ndipo amai ena awiri ogula, ocokera kumudzi, angaonenso zina. Aitanidwe, nsalu ziwirizo ziyalidwe patali pang'ono monga zimakhalira pa shelefu ya sitolo, osati pansi pa galasi lokuzira, ndipo afunsidwe kuti akanatenga iti. Zimene ayankhe zilembedwe m'cigamulo, ndipo ngati woweruza asiyana nao, alembenso cifukwa cake.